Mmene kafukufuku wa Pulofesa Elwyn Chomba wasinthira cisamaliro ca amai ndi makanda m'Zambia

Mwana akabadwa osalira, mzamba amakhala ndi mphindi imodzi yokha yoti amuthandize kuyamba kupuma.

Zimene azamba amaphunzitsidwa kucita mu mphindi imeneyo zinakhazikika pa umboni wa kafukufuku, ndipo mbali ina ya umboniwo inasonkhanitsidwa m'makiliniki ndi m'zipatala za mumzinda wa Lusaka.

Dzina limene limapezeka pa malipoti ambiri a kafukufuku ameneyu ndi la Pulofesa Elwyn Chomba, dotolo wa ana amene anagwira nchito zaka zambiri pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, cimene ambiri amangoti UTH.

A Chomba anakhalapo mlembi wamkulu mu unduna woona za citukuko ca m'madera ndi umoyo wa amai ndi ana, umene unakhazikitsidwa mu ulamuliro wa malemu Michael Sata. Pambuyo pake anatsogolera sukulu ya zaudotolo ya Levy Mwanawasa Medical University, imene ili pa mseu wa Great East popita ku Chelstone.

Koma pakati pa akatswiri a zaumoyo kunja kwa dziko lino, iwo amadziwika kwambiri monga mtsogoleri wa gulu la ofufuza a m'Zambia m'bungwe la Global Network for Women's and Children's Health Research.

Bungweli linayamba mu 2001 ndi ndalama zocokera ku nthambi ya zofufuza zaumoyo ya boma la America ndiponso ku bungwe la Bill and Melinda Gates Foundation. Colinga cake ndi kuyesa njira zosaboola m'thumba zopulumutsira amai ndi ana m'maiko osauka. Gulu la m'Zambia lakhala likugwira nchito limodzi ndi Pulofesa Waldemar Carlo wa pa University of Alabama at Birmingham.

Vuto limene analipeza

Kafukufuku wa boma wa za ciwerengero ndi umoyo wa anthu wa mu 2007 anaonetsa kuti pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo m'Zambia, 34 anali kumwalira asanakwanitse mwezi umodzi. Pa nthawi imeneyo amai osakwana theka ndi amene anali kuberekera ku cipatala.

Imfa zambiri za makanda zimacitika m'masiku 7 oyamba, makamaka tsiku lobadwa lenilenilo. Zoyambitsa zazikulu ndi zitatu: kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, ndi matenda obwera ndi tizilombo.

M'maiko olemera mavutowa amathetsedwa ndi makina odula ndiponso madotolo ambiri. Funso limene a Chomba ndi anzao anadzifunsa linali lakuti: nanga m'kiliniki mmene muli mzamba mmodzi usiku wonse, popanda dotolo, n'ciani cingapulumutse mwana?

Maphunziro a azamba m'makiliniki 18

Pakati pa zaka za m'ma 2000, gululi linaphunzitsa azamba a m'makiliniki 18 a boma mu Lusaka ndi mu Ndola, pogwiritsa nchito maphunziro a cisamaliro coyambirira ca khanda amene anakonzedwa ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO.

M'maphunzirowa munalibe makina atsopano. Azamba anakumbutsidwa kusamba m'manja ndi kusunga ukhondo, kupukuta mwana msanga akangobadwa, kumufunditsa, kumugoneka pacifuwa pa amai ake khungu likhudzane ndi khungu, kumuyamwitsa mwamsanga, kusamalira mcombo, ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa.

Anaphunzitsidwanso kupumitsa mwana amene sakupuma, pogwiritsa nchito kathumba ka mphira kofinya ndi dzanja, kokhala ndi kacivundikiro kophimba mphuno ndi pakamwa.

Ofufuzawo anayamba awerenga ana obadwa ndi omwalira maphunziro asanacitike, kenaka anawerenganso atatha. Ana onse amene analembedwa anakwana 71,689.

Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya akatswiri ya Pediatrics, zinaonetsa kuti imfa za ana m'masiku 7 oyamba zinatsika kucoka pa 11.5 kufika pa 6.8 pa ana 1,000 alionse. Imfa zobwera ndi kubanika pobadwa ndiponso zobwera ndi tizilombo ndi zimene zinacepa kwambiri.

Lipoti lina la mu 2011 linawerengera ndalama zimene zinagwiritsidwa nchito. Linapeza kuti ana 97 anapulumuka, ndipo kupulumutsa mwana mmodzi kunatenga madola 208 a ku America. Ciwerengero cotere n'cofunika kwa akuluakulu a ku Ndeke House, likulu la unduna wa zaumoyo, amene amagawa ndalama zocepa pa zosowa zambiri.

Mu 2008 a Chomba anatsogolera lipoti limene linayang'ana ciwerengeroci molingana ndi maphunziro a amai. Linapeza kuti kutsika kwa imfa kunali kwakukulu pakati pa ana a amai amene sanafike ku sekondale.

Izi zikutanthauza kuti mzamba wophunzitsidwa bwino amacepetsa kusiyana kumene kulipo pakati pa banja lopeza bwino la ku Kabulonga kapena ku Woodlands, limene lingathe kulipira cipatala comwe si ca boma, ndi banja la m'komboni limene limadalira kiliniki yapafupi.

Ana amene anali kuyesedwa akufa

Maphunziro omwewa anayesedwanso m'madera a kumidzi m'maiko 6: Argentina, Democratic Republic of Congo, Guatemala, India, Pakistan ndi Zambia. Kumeneko anaphunzitsa madotolo, anamwino ndiponso azamba a m'midzi. Kafukufukuyu anachedwa First Breath, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010 m'magazini ya New England Journal of Medicine.

Imfa za m'masiku 7 oyamba sizinatsike monga mmene ofufuza anali kuyembekezera. Cimene cinatsika ndi ciwerengero ca ana olembedwa kuti anabadwa atafa kale, kucoka pa 23 kufika pafupifupi pa 16 pa ana 1,000 alionse.

Ofufuzawo anafotokoza kuti mwina ana ena amene anali kubadwa osalira ndiponso osagwedezeka anali kuyesedwa akufa, pamene mtima wao unali kugundabe. Azamba ataphunzira kupukuta, kusisita kumsana ndi kupumitsa mwana wotere, ena a iwo anatsitsimuka.

Umboni wocirikiza maganizowa ndi wakuti ciwerengero ca ana amene thupi lao linaonetsa kuti anafera m'mimba kale sicinasinthe. Cimene cinacepa ndi ca ana amene thupi lao linali labwinobwino.

M'caka comweco ca 2010, bungwe la madotolo a ana la ku America ndi mabungwe ena anakhazikitsa maphunziro ochedwa Helping Babies Breathe, amene amagogomezera mphindi yoyamba ya moyo. Maphunzirowa afalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia.

Panali nkhawa ina. Makolo ndi acipatala ena anali kuopa kuti mwana wotsitsimutsidwa motere adzakula wopunduka m'maganizo. Gulu la a Chomba, pamodzi ndi anzao a ku India ndi ku Pakistan, linatsatira ana oterewa ndi kupeza kuti ambiri anali kukula bwino monga anzao. Linapezanso kuti kucezera makolo kunyumba ndi kuwaphunzitsa masewera otsegula nzeru za mwana mpaka atakwanitsa zaka 3 kunathandiza kakulidwe kake.

Thumba la pulasitiki pa UTH

Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa mu June ndi July kumazizira kwambiri. Khanda limabadwa lonyowa, ndipo limataya kutentha msanga pamene madzi a pakhungu akuuma. Mwana wobadwa masiku asanakwane ali ndi khungu lopyapyala ndi mafuta ocepa, conco amazizidwa mofulumira koposa.

Mu 2013 magazini ya Pediatrics inasindikiza kafukufuku amene anacitika pa UTH, ndipo a Chomba anali mmodzi wa olemba. Ana 104 obadwa masiku asanakwane kapena ocepa sikelo anagawidwa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linasamalidwa monga mwa masiku onse. Ana a gulu linalo anawonjezeredwa cinthu cimodzi: analowetsedwa m'thumba la pulasitiki lotsika mtengo lophimba thunthu ndi miyendo, mutu uli kunja, m'mphindi zoyamba atabadwa.

Patapita ola limodzi, ana pafupifupi 59 pa 100 alionse a m'matumba anali ndi kutentha koyenera kwa thupi, kuyerekeza ndi 33 pa 100 a gulu linalo. Palibe amene anatenthedwa mopitirira kapena kuonongeka khungu.

Kafukufuku waciwiri pa ana 271 obadwa masiku atakwana anaonetsanso kuti thumbali limacepetsa kuzizidwa.

Njirayi ndi ya m'cipatala, pamaso pa anamwino amene amapima kutentha kwa mwana. Kunyumba, njira yodalirika ndi kufungatira mwana pacifuwa, kumuveka cisoti ndi kumufunditsa bwino.

Pamene mankhwala odziwika anabweretsa vuto

Si kafukufuku yense amene anabweretsa uthenga wokoma. M'maiko olemera, mai amene akuoneka kuti abereka masiku asanakwane amabayidwa jekeseni yothandiza mapapu a mwana kukhwima, ndipo njirayi yapulumutsa ana ambiri.

Mabungwe a pa dziko lonse anali kufuna kuti jekeseniyi ifike m'makiliniki onse a m'maiko osauka. Bungwe la Global Network linaganiza zoyamba layesa, m'madera a ku Argentina, Guatemala, India, Kenya, Pakistan ndi Zambia, pa amai pafupifupi 100,000.

Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2015 m'magazini ya The Lancet, zinadabwitsa akatswiri. Ana ang'onoang'ono amene anali kufuna kuwapulumutsa sanapulumuke koposa anzao. Ndipo powerenga ana onse, imfa za m'mwezi woyamba zinali 27.4 pa 1,000 m'madera amene jekeseni inalimbikitsidwa, pamene m'madera enawo zinali 23.9. Amai oganiziridwa kuti alowedwa ndi tizilombo anaculukanso.

Cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti popanda makina ounikira m'mimba, kunali kovuta kudziwa bwino msinkhu wa pakati. Amai ambiri amene anabayidwa anadzabereka masiku atakwana, ndipo ana ao analandira mankhwala amene sanali kuwafuna.

M'caka comweco bungwe la WHO linatulutsa malangizo akuti jekeseniyi iziperekedwa kokha ngati msinkhu wa pakati ukudziwika bwino, ngati kubereka kwayandikiradi, ngati mai alibe zizindikiro za tizilombo, ndiponso ngati cipatalaco cingathe kusamalira mai ndi mwana wobadwa masiku asanakwane.

Kafukufuku wina wa WHO wa mu 2020, wocitikira m'zipatala zokwaniritsa mfundozi m'maiko ena a mu Africa ndi Asia, anatsimikizira kuti pamalo otere jekeseniyi imapulumutsadi ana. Conco mankhwalawo ndi abwino, koma amafuna malo ndi nthawi yake. N'cifukwa cake mai amene matenda amuyamba masiku asanakwane amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga Women and Newborn Hospital pa UTH kapena ku Levy Mwanawasa.

Cindoko, aspirin ndi azithromycin

Nthenda ya cindoko mwa mai wapakati ingaphe mwana m'mimba kapena kumudwalitsa atabadwa, komabe imapimidwa ndi kadontho ka magazi a pacala ndipo imacizidwa ndi jekeseni ya penisilini.

Kafukufuku wocitikira m'makiliniki a sikelo a mu Lusaka ndi mu Kinshasa, wosindikizidwa mu 2019 m'magazini ya The Lancet Global Health, anapereka zopimira ndi mankhwala ku makiliniki onse. Theka la makilinikiwo linalandiranso zikumbutso, kuyenderedwa ndi oyang'anira, ndi malipoti oonetsa anamwino mmene akucitira.

M'makiliniki amenewa, pafupifupi amai onse opezeka ndi nthendayi analandira jekeseni tsiku lomwelo. M'makiliniki amene analandira katundu yekha, amai olandira jekeseni tsiku lomwelo sanafike theka. Phunziro lake linali lakuti kugula mankhwala kokha sikukwanira ngati kagwiridwe ka nchito sikasintha.

Mu 2020 The Lancet inasindikiza kafukufuku wochedwa ASPIRIN, wa amai 11,976 a pakati poyamba m'maiko 6, kuphatikizapo Zambia. Theka linali kumwa kapiritsi ka aspirin ka mamiligiramu 81 tsiku lililonse, kuyambira pakati pali pa masabata 6 mpaka 13 kufikira masabata 36. Theka linalo linali kumwa mapiritsi ooneka cimodzimodzi koma opanda mankhwala.

Kubereka masiku asanakwane kunali 11.6 pa 100 mwa omwa aspirin, ndipo 13.1 pa 100 mwa enawo. Imfa za ana pa nthawi yobadwa ndi m'sabata loyamba zinacepanso.

Aspirin wogulitsidwa m'masitolo wa mutu ndi wamphamvu kuposa wa m'kafukufukuyu, ndipo sayenerera mai aliyense. Mai wapakati asamwe mankhwalawa popanda kuuzidwa ndi acipatala.

Mu 2023 New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku wochedwa A-PLUS, wa amai 29,278 m'maiko 7. Amai amene anamwa magiramu 2 a azithromycin kamodzi kokha pa nthawi ya matenda a kubereka anatetezeka koposa: 1.6 pa 100 ndi amene analowedwa ndi tizilombo m'magazi kapena kumwalira, kuyerekeza ndi 2.4 pa 100 mwa amene sanamwe. Kwa makanda mankhwalawa sanasinthe kanthu.

Akatswiri akupitiriza kukambirana za njirayi, cifukwa kupereka mankhwala opha tizilombo kwa anthu ambiri kungacititse kuti tizilomboto tizolowere mankhwalawo.

Mmene mphamvu ya kafukufuku imapimidwira

M'masukulu a ukacenjede, nchito ya wofufuza imapimidwa coyamba ndi malo amene malipoti ake asindikizidwa. Magazini monga The Lancet ndi New England Journal of Medicine amatumiza lipoti lililonse kwa akatswiri ena kuti aliunike, ndipo amakana ambiri mwa malipoti amene amalandira.

Caciwiri, amawerenga kuti ndi ofufuza angati amene achula lipotilo m'zolemba zao. Lipoti lochulidwa kawirikawiri ndi limene ena amangapo nchito zao.

Koma kwa mai wa ku Kabwata amene akuyembekezera, muyeso wofunika ndi wacitatu: kodi zimene zinapezekazo zasintha zocitika m'cipinda coberekera? Apa ndi pamene nkhani ya maphunziro a azamba ndi ya jekeseni ya mapapu zimalemera, cifukwa yoyamba inalimbikitsa njira yopulumutsa ndipo yaciwiri inaletsa kufalitsa mankhwala kumene akanavulaza.

Palinso zimene kafukufuku amasiya m'dziko. Kuyambira mu 2008 bungwe la Global Network lakhala ndi kaundula wa amai apakati, amene m'Zambia anakhazikitsidwa m'maboma a Kafue ndi Chongwe. Mai amalembedwa ali ndi pakati ndi kutsatiridwa mpaka masabata 6 atabereka, kaya waberekera ku cipatala kapena kunyumba. Kaundula wotere amaonetsa imfa zimene mabuku a cipatala sangazione.

Malipoti onsewa ali ndi maina ambiri a olemba, a m'Zambia ndi akunja, ndipo kumbuyo kwao kuli azamba ndi anamwino amene anadzaza mafomu, ndi amai zikwizikwi amene anavomera kutengako mbali. Malamulo a dziko lino amafuna kuti kafukufuku aliyense wa zaumoyo avomerezedwe ndi komiti yoteteza ufulu wa anthu otengako mbali. Lamulo la mu 2013 linakhazikitsanso bungwe la National Health Research Authority loyang'anira nchitoyi.

Zimene ziwerengero za dziko zikuonetsa

Imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika kucoka pa 34 pa 1,000 mu 2007 kufika pa 24 m'kafukufuku wa mu 2013 ndi 2014. Zinakweranso pang'ono kufika pa 27 mu 2018, kenaka kafukufuku wa mu 2024 anapeza 17.

Imfa za amai zokhudzana ndi pakati zinali 729 pa ana 100,000 obadwa amoyo m'kafukufuku wa mu 2001 ndi 2002. Zinatsika kufika pa 591 mu 2007, pa 398 mu 2013 ndi 2014, ndi pa 278 mu 2018.

Kusinthaku kuli ndi zifukwa zambiri. Boma linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006 ndi m'makiliniki onse oyambirira mu 2012. Mankhwala otalikitsa moyo anafika kwa amai okhala ndi kacilombo ka HIV. Amai oberekera ku cipatala anaculuka kufika pa 84 pa 100 alionse mu 2018.

Mu Lusaka, makiliniki a Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama anakwezedwa kukhala zipatala zocita opaleshoni, kuti UTH ipepukidwe. Conco palibe wofufuza mmodzi amene angalandire yekha citamando ca kutsika kwa imfazi. Mbali ya kafukufuku inali kuonetsa zoyenera kucita mai akafika pamalo amenewa.

Zimene zatsala

Maiko onse anagwirizana kuti pofika mu 2030 imfa za makanda zisapitirire 12 pa 1,000 m'dziko lililonse, ndipo imfa za amai pa dziko lonse zitsike pansi pa 70 pa 100,000. Zambia sinafikebe pa ziwerengero zimenezi.

Vuto lina ndi lakuti maluso amaiwalika. Mzamba amene sanapumitse mwana kwa miyezi ingapo amafunika kubwereza pa cidole cophunzirira, ndipo anchito atsopano amafunika maphunziro ao. Kathumba kopumitsira kayenera kukhala koyera ndiponso pafupi ndi bedi loberekera, osati kokhomeredwa m'kabati.

Vuto linanso ndi ndalama. Kafukufuku wofotokozedwa pano anadalira kwambiri thandizo locokera kunja, ndipo thandizo lotere limasintha malinga ndi ndale za maiko opereka.

Cina cili m'manja mwa mabanja. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti amai osakwana 4 pa 10 alionse ndi amene anayamba sikelo m'miyezi 3 yoyamba ya pakati. Ambiri amacedwa cifukwa ca mwambo wobisa pakati mpaka pataonekera.

Komatu kupima cindoko, kudziwa bwino msinkhu wa pakati ndi kuyamba mankhwala oteteza, zonse zimathandiza kwambiri zikacitika msanga. Bungwe la WHO limalangiza kuti mai aonane ndi acipatala kosacepera ka 8 pa pakati pamodzi, ndipo ulendo woyamba ucitike pakati pasanapitirire masabata 12.

Mai wapakati akaona magazi, mutu wosaleka, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kapena mwana akaleka kugwedezeka m'mimba, apite ku cipatala nthawi yomweyo. Cimodzimodzinso khanda likakana kuyamwa, likazizira kapena kutentha thupi, likamapuma movutika, kapena mcombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, makolo asadikire kuti kuce.